Tsiku Limene Maliro a Bambo Gama Anakana Ulendo

Anthu akandipeza pamsika pano ndikumata machubu a njinga, amayesa ntchito yanga ndi yomweyi chibadwire. Ndimangowasiya, angadziwe chiyani? Manja awa anagwira injini za malole ku Harare zaka zochuluka, ndipo pali ntchito imodzi imene ndikaikumbukira, ngakhale nditaswera ndi njala, ndimadzimva kuti ndine munthu. Sinali ntchito yaikulu ayi. Kanali kabokosi kakuda, kosaposa bokosi la machesi, kokhala kuseri kwa chopondera moto cha galimoto. Koma kabokosi kameneko kanatsala pang'ono kugoneka munthu wamkulu m'dothi la eni.

Ndinachoka kuno ku Ntcheu ndevu zitangoyamba kumera. M'thumba ndinali ndi kapepala kolembedwa dzina la bambo Gama ndi nambala ya nyumba yawo ku Mufakose, mumzinda wa Harare. Sanali mbale wanga, kungoti mudzi wa kwawo ndi wathu timatunga madzi mumtsinje umodzi. Ndinakwera pamwamba pa lole ya matumba yodzera ku Tete, ndipo ndinafika nditayera ndi fumbi ngati ndagona m'chigayo. Bambo Gama anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Ndiwe mwana wa yani?"

Dzina la mayi anga sanalidziwe, ndiye ndinatchula la agogo anga aamuna. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Agogo akowo anandikwapulapo nditaba nzimbe. Lowa m'nyumba, ndibwezera pa iwe."

Umu ndi mmene ndinapezera bambo m'dziko la eni. Iwo anali mtchona weniweni. Anapita kumeneko mzindawo akuutchabe Sozibele, ndipo sanabwererenso kumudzi ngakhale kamodzi. Anakwatira komweko mayi wobadwira pa famu ya fodya, amene makolo ake anachokera kwathu kuno, n'kubereka mwana mmodzi wamwamuna, Tendai. Ine anandipatsa malo m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba, mmene tinkagona amuna anayi, mapazi a wina pamphuno pa wina. Lamlungu tikachoka kutchalitchi tinkametana tsitsi panja ndi lumo limodzi, tikunamizana za mitsinje ya kwathu ndi kukula kwa nsomba zake. Wina akalandira kalata, inali ya tonse.

Bambo Gama anandipezera ntchito pa garaja ina ku Graniteside, pamene iwo anali makaniko wamkulu. Chaka chathunthu ndinali wotsuka zitsulo mu palafini. Anzathu a Chishona ankatitcha Mabhurandaya, ngati tonse tinabadwira ku Blantyre, koma galimoto ikawakanika ankabwera kwa Mabhurandaya omwewo. Madala aja anali ndi lamulo limodzi: usamasule chinthu usanachifunse. Ukathamangira sipanala ankakumenya padzanja ndi nsanza ya girisi.

"Mvetsera kaye, nunkhiza, gwira. Galimoto imanena yokha pamene pakupweteka."

Zinali zaka zabwino zimenezo. Kumudzi ndinkatumiza mabulangete, shuga, mpaka makina osokera a mayi anga. Kenako kunayamba kubwera galimoto za makompyuta, zopanda chingwe chochokera pa chopondera moto kupita ku injini. Ukaponda, kabokosi kaja, kamene timati sensa, ndiko kamauza kompyuta kudzera m'mawaya kuti phazi latsika motani, kompyutayo n'kutsegula mafuta. Bambo Gama ankati ndi galimoto za ufiti, sankafuna n'kuziona komwe. Ine ndinagula mita yoyezera magetsi n'kumaphunzira ndekha. Ankandinena pagulu kuti ndasanduka sing'anga, koma ikabwera yotere ankandikodola, "Iwe, bwera kuno ndi ula wakowo."

Ndiye zinthu zinasokonekera. Amene sanaone zaka zimenezo sangamvetse, ngakhale nditafotokoza mpaka mawa. M'masitolo munangotsala mashelefu. Ndalama unkazinyamula m'jumbo, ukafika pamsika osagula nazo ngakhale buledi. Magetsi ankabwera ngati mlendo, madzi chimodzimodzi. Garaja inatsekedwa, ine ndi madala aja n'kuyamba kukonzera galimoto pansi pa mtengo wa mapeyala pakhomo pawo, malipiro ake kambale ka ufa kapena botolo la mafuta ophikira. Kumudzi ndinasiya kutumiza kanthu. Ndinasiyanso kulemba makalata chifukwa cha manyazi.

Chimene chinatigwira ife a kwathu kuno kuti tisabalalike chinali sosaiti ya maliro. Inali ndi galimoto yake, pikapu yakale ya dizilo imene inagulidwa ku Joni zinthu zikadali bwino. Inali ya gulu lija la ufiti, choncho woisamalira ndi kuiyendetsa ndinali ine.

Bambo Gama anadwala matenda a shuga, mankhwala osapezeka. Tsiku lina masana, mayi a Tendai atapita kukagulitsa masamba, anandiitana pakhonde.

"Iwe, ntchito ndakuphunzitsa kapena ayi?"

"Mwandiphunzitsa, bambo."

"Ndiye ndikupempha chinthu chimodzi. Usadzandisiye kuno. Ndakhala mlendo zaka zonsezi, sindifuna kukakhalanso mlendo kumanda. Ukandigoneke pafupi ndi mayi anga."

"Mwawauza mayi ndi Tendai?"

"Ndikayamba, amalira. Ndiye ndakuuza iwe. Wamva?"

"Ndamva."

Panalibe mboni. Patatha milungu itatu anatisiya.

Mawuwo ndinawanena pa siwa, akuluakulu atakhala. Tendai anali bambo wa ana ake pamenepo, Chichewa ankangochimva, kuyankhula ankasakaniza. Anakana.

"Mukoma," anatero, ndiko kuti achimwene, "manda ali pafupi pompano. Ana anga azikaona pamene pagona agogo awo. Ku Malawi akuwadziwa ndani?"

Sindimunena ayi, mfundo anali nayo. Koma atcheya a sosaiti anati mawu a womwalira sapondedwa. Mayi a Tendai anangogwedeza mutu kuvomera.

Abale inu, ndinaona umodzi umene sindidzauonanso. Mafuta a dizilo anali osowa koopsa, koma anthu anabwera nawo m'mabotolo a zakumwa, wina malita awiri, wina theka, ena kuchokera ku Glen Norah wapansi. Nkhalamba ina inabweretsa ake m'botolo la mankhwala a chifuwa, ndipo tinalandira ndi manja awiri. Mapepala odutsira pa malire anatenga masiku anayi, thupi litakonzedwa kuti lisaonongeke. Galimoto ndinaiyang'ana ponseponse, inalibe vuto. Tsiku lomaliza ndinaisiya pakhomo pa siwa, n'kuswera ndikuzungulira pa njinga kutolera mafuta otsala.

M'mawa mwake tinakweza bokosi amayi akuimba. Kutsogolo ndinakhala ndi mayi a Tendai, kumbuyo kunali Tendai, atcheya ndi anthu ena anayi. Ndinamva kuti m'galimoto mukununkhira bwino, koma mutu unali pa ulendo. Tinayenda bwinobwino mpaka pamphambano yotulukira m'Mufakose. Pamenepo kanyale kachikasu kanayaka kutsogolo kwanga, galimoto n'kufooka. Injini ikulira ndithu, koma ndikaponda moto, zii. Ndinaponda mpaka phazi kugunda pansi, galimoto ikungokwawa, munthu wokankha ngolo ya kabichi n'kutipitirira.

Ndinaima pambali n'kuzimitsa. Ndisanatsegule n'komwe boneti, atcheya anali atavula kale chipewa. Inu mukudziwa za kwathu: galimoto ya maliro ikaima popanda chifukwa, ndiye kuti mwini wake akukana. Anagogoda pa bokosi pang'onopang'ono.

"AGama, n'chiyani kodi? Si inu munati mukufuna kwanu? Tiyeni, musatichititse manyazi pamsewu."

Ndinaliza injini. Kanyale kanazima, galimoto n'kunyamuka ngati palibe chachitika. Kumbuyo ndinamva, "Eee, amva!" Sitinathe n'komwe mtunda wa bwalo la mpira, inafookanso. Ndinazimitsa, atcheya anayankhulanso, inanyamuka, n'kufookanso. Aka kanali kachitatu. Ndinadzifunsa kuti, kodi kapena madala asintha maganizo?

Tinabwerera tikukwawa. Anthu amene anali atayamba kubalalika anathamangira kumsewu, maliro n'kuyamba kulirikanso. Bokosi analibwezera m'nyumba. Tendai anaima pakati pa bwalo maso ali psuu.

"Baba varamba!" anakuwa m'Chishona, kutanthauza kuti bambo akana. "Katatu konse, mwaona nonse. Mawa tiwaika konkuno."

Ambiri anavomereza, ngakhale ena mwa aja anapereka mafuta. Ine ndinapsa mtima.

"Tendai, bambo ako sanali munthu wa mawu awiri. Yakana ndi galimoto."

"Si ndinu munati ili bwino?"

Atcheya ndiwo anadula nkhani: andipatsa mpaka dzuwa kulowa. Ikachira, tinyamuka m'mawa, koma ikakaimanso ngakhale kamodzi bokosi lili momwemo, tibwerera ndipo nkhani yatha. Ikapanda kuchira, mawa kumanda a mumzinda.

Ndinavula jekete. Amakaniko anzanga anandizungulira, aliyense ndi nzeru zake. Wina akuti mafuta a m'mabotolo ndi akuda, wina akuti pampu ya dizilo yafa, timasule. Pampu! Tikadaimasula, sabata ikadatha tili pomwepo. Ndinakumbukira nsanza ya girisi ija n'kubweza manja kumbuyo. Ndinayang'ana sefa ya mafuta, inali yoyera. Injini ikamalira payokha inkalira mokoma, osatsokomola. Ndiye vuto silinali ku injini, linali kwa wopereka uthenga. Ndipo zoti ukazimitsa n'kuyatsanso imayenda pang'ono, ndinkazidziwa. Kompyuta ikazimitsidwa imaiwala, ikalandiranso uthenga wosokonekera imachita mantha n'kuchepetsa mphamvu. Sanali mawu a atcheya amene ankaiyendetsa, inali kiyi yanga.

Ndinagona chagada pansi pa chiwongolero, miyendo panja. Msana unamva chinyezi. Nditatukula kapeti, pansi ponse panali madzi. Ndinazula pulagi ya sensa, ndipo munali thovu loyera, fungo lake la sopo wobiriwira uja wa mtanda. Ndinaipukuta, kuipemerera ndi pampu ya njinga, kuiumitsa, n'kulumikiza mita. Ukamaponda pang'onopang'ono, manambala a pa mita amayenera kukwera mwaulemu ngati munthu pa masitepe. Awa ankadumphadumpha, kenako n'kugwa pa ziro. Nditatsegula kabokosiko ndinapeza kuti chivindikiro chake chinali chong'aluka kale, madzi ndi mchenga zinalowa, ndipo kupondaponda kwanga kuja kunapala kanjira ka mkati mpaka kuduka. Panalibe chokonza. Panafunika ina.

Ndidakali chigonere ndinaona mapazi a mayi a Tendai ataima pakhomo la galimoto. Anzanga aja anali atatopa n'kupita pamthunzi.

"Wapeza chiyani, mwananga?"

"Mayi, galimotoyi anatsuka ndani?"

"Ndine, dzulo. Amuna anga akwere galimoto ya fumbi ngati nkhuni? Ndinali ndi sopo mmodzi amene ndinabisa kuyambira chaka chatha. Ndinakhuthula ndowa zitatu."

Sopo, masiku amenewo! Anthu tinkasamba madzi okhaokha.

"Mwatsuka bwino, mayi. Koma pali kachitsulo kafa ndi ukalamba. Si bambo akukana ayi."

Anakhala pansi, kutsamira tayala.

"Ndinayesa akukakamira ine," anatero motsitsa mawu. "Pamene inaima paja mtima wanga unasangalala, Mulungu andikhululukire. Ndinati, onani, sakufuna kundisiya."

Abale, ndamenyedwapo ndi masipanala, ndapsapo ndi madzi a rediyeta, koma palibe chinandipweteka ngati mawu amenewo. Ndinkayesa ndikulimbana ndi Tendai, osadziwa kuti ndikulanda mayi wamasiye kachitonthozo kake komaliza. Ndinatuluka pansi paja n'kugwada. Ndinawauza mawu onse a pakhonde paja monga mmene ananenedwera, ngakhale aja akuti, ndikayamba amalira.

Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

"Amenewo ndi iwowo, amayankhula choncho. Ngati ndi chitsulo, pita ukachipeze. Thamanga."

Dzuwa linali pamutu. Ndinamanga bokosi langa la zipangizo pa kaliyala n'kupalasa njinga kulowera ku Graniteside. Makombi, maminibasi a kumeneko, anali osowa, msewu wonse unali anthu oyenda pansi. Mafakitale amene kale ankalira osapuma anali zii, udzu utamera pa zipata. M'masitolo a zipangizo sindinataye nthawi, ndinalunjika kumene amaphwasula galimoto zangozi. Malo awiri oyamba analibe. Achitatu anali a Mshona wina wadazi amene tonse tinkangomutcha Mudhara. Kuseri, m'kati mwa udzu, munali pikapu ya mtundu womwewo, yophwanyika kutsogolo, nkhuku zitaikira mazira pampando. Ndinalowa chokwawa. Sensa inalipo! Ndinaiyeza ndi mita pomwepo, ndikukankha chopondera ndi dzanja. Manambala anakwera mwaulemu, kutsika mwaulemu. Ndinatsala pang'ono kuyamba nyimbo.

Mudhara anaona nkhope yanga, ndipo ndinadziwa kuti ndadzigulitsa ndekha.

"Mari haidyiwi," anatero, ndiko kuti ndalama sizidyedwa. Maso ake anali pa bokosi la pa kaliyala.

"Mudhara, limenelo ndiye munda wanga."

"Ndiye siya sensa."

Ndinatsegula bokosi. Theka la masipanala amenewo anali a bambo Gama, ena osalala ndi manja awo. Ndinayang'ana dzuwa, linali litapendeka. Ndinachotsamo mita, sikuludilaiva imodzi ndi sipanala ya teni, zotsalazo n'kumukankhira. Mumtima ndinati, madala, mwadzilipirira nokha ulendo.

Ndikukulunga sensa m'nsanza, Mudhara anandifunsa kuti changu chotere n'cha chiyani. Nditamuuza anagwira pakamwa. Analowa m'kashedi kake n'kutuluka ndi chigubu cha dizilo. "Chema," anatero, chimene ife timati chipepeso. Bokosi sanabweze ayi, munthu anali wamalonda, koma chigubu chimenecho ndimachikumbukira mpaka lero.

Ndinafika ku Mufakose thukuta lili kamukamu, mithunzi itatalika. Anthu anadzaza kuzungulira galimoto, Tendai patsogolo. Ndinachotsa waya wa batire, kuyanika kapeti pa mpanda, kupukuta pansi ponse. Sensa imagwidwa ndi timabawuti tiwiri tokha, koma pamalo pamene anatiika, amene anapanga galimotoyo ayenera kuti anali ndi zala ngati za khanda. Khosi litapindika, thukuta likulowa m'maso, kabawuti kamodzi kanagwa n'kubisala. Ndinakasaka ndikutukwana mumtima, pa maliro pomwepo, Mulungu andichitire chifundo. Ndipo kuika sensa sikungomanga ayi. Mabowo ake ndi aatali dala, kuti uipotoze pang'onopang'ono kufikira mita itaonetsa nambala yoyenera phazi lisanaponde. Ukaphonya, injini imathamanga yokha, kapena kompyuta imakananso. Ndinabweza waya wa batire, kutsegula kiyi, n'kumapotoza ngati munthu wosaka siteshoni pa wailesi. Itakhala pamalo pake ndinamanga, pulagi n'kuikulunga ndi labala kuti madzi asadzaionenso.

"Tendai, lowa. Uponde ndiwe."

Ndinachita dala. Analowa monyinyirika, kuliza injini, n'kuponda. Galimoto inabangula, utsi wakuda n'kuwaza amayi amene anaima kumbuyo. Anabalalika akutsokomola, ena kuseka kukuwapulumuka. Tendai anaponda kachiwiri, kachitatu, kanyale osayaka. Anazungulira nayo mpaka kumsika n'kubwerera. Potsika sanandiyang'ane.

"Bokosi mulibe umu," anatero. "Tiona mawa."

Wina anafunsa kuti chinavuta n'chiyani. Ndinakweza kabokosi kakufa kaja m'mwamba n'kunena kuti ukalamba, basi. Za sopo sindinauze munthu.

M'mawa tinakwezanso bokosi. Ulendo uno nyimbo zinali zapansipansi, aliyense khutu lili ku injini. Tinayandikira mphambano ija. Ndine mkhristu, ndipo mita yanga inali isanandinamizepo, komabe ndinanong'ona, "Bambo, ngati muli ndi mawu, nenani pano." Ndinaponda. Galimoto inadutsa pamphambano ngati siikupadziwa. Tinadutsa m'tauni, kulowa msewu wa ku Mutoko, kanyale kali chizimire. Pagalasi ndinaona atcheya akuvala chipewa chawo. Tendai anali atatsamira bokosi, dzanja lili pamwamba pake, akulira ngati mwana. Eee, ndinadzitama mumtima tsiku limenelo, ndipo sindichita nazo manyazi.

Masiku awiri tinali pamsewu. Pa malire a Nyamapanda tinapsa ndi dzuwa tikudikira zidindo, ku Tete kunatentha mpaka chiwongolero chosagwirika, koma galimoto sinatsokomole ngakhale kamodzi. Titawoloka mlatho wa Zambezi, mayi a Tendai anayankhula akuyang'ana kutsogolo.

"Usayese sindinaone kapeti uja pa mpanda."

"Ndi ukalamba, mayi."

"Ee, ukalamba wanga."

Tinaseka tonse awiri mpaka misozi, a kumbuyo n'kugogoda pagalasi kufunsa ngati tapenga.

Uthenga unali utafika kale kumudzi. Anthu anasonkhana ambiri, koma Tendai sananame, owadziwa anali ochepa. Achinyamata ankafunsana kuti wamwalirayu ndi ndani. Koma panali mlongo wawo, aNagama, okalamba, oyendera ndodo, amene anawaperekeza kukakwera basi tsiku limene ankachoka. Anagwira bokosi ndi manja onse awiri.

"Achimwene, munati mukungokagula njinga ndi jekete. Mwabwera tsopano?"

Ngakhale adzukulu okumba manda, amene sachedwa kuseka pa maliro, anawerama. Tinawagoneka pafupi ndi mayi awo monga ananenera. Dothi loyamba litagwa pa bokosi ndinamva ngati ndatula thumba la chimanga. Ndinati mumtima, bambo, ndafikitsa.

Ine ku Harare sindinabwererenso. Ndikabwerere kukachita chiyani ndi sipanala imodzi? Kwathu ndinapeza mayi anga atakalamba, makina osokera aja atagulitsidwa chaka cha njala, ana a mlongo wanga akundithawa chifukwa sankandidziwa. Ena ankanong'ona kuti zaka zonsezi wabwera chimanjamanja. Anene, pakamwa ndi pawo.

Tsiku loti alendo anyamuke ndinapita kukapereka kiyi kwa Tendai, ndi kumuonetsa pamene asamathire madzi. Katundu atakwezedwa, mayi a Tendai anaima pafupi ndi galimoto n'kugwira aNagama pamkono.

"Mlamu, ndinaona pambali pa achimwene anu patsala malo. Ine kwathu ndilibe. Pa famu pamene ndinabadwira panalowa ena, pamanda a makolo anga analimapo chimanga. Mungandisungire?"

"Mwatisungira m'bale wathu zaka zonsezi," anayankha aNagama. "Malowo ndi anu."

Kenako mayi a Tendai anatembenukira kwa ine.

"Tendai ali ndi mtima wofewa, adzafuna kundisunga pafupi. Wouma mutu ndiwe. Ukadzamva, udzabwere kudzanditenga."

"Ndidzabwera, mayi."

Akadali moyo mpaka pano, akukhalabe m'nyumba yomwe ija ku Mufakose. Inenso ndakula, imvi zadzaza, maso ayamba kuchita chifunga. Koma pasipoti yanga sindiilola kutha. Ikatsala pang'ono ndimagulitsa mbuzi n'kukakonzetsa ina. Ana a pakhomo amandiseka, akuti inu malume mukupita kuti, munthu wosadutsa n'komwe pa Balaka? Foni ikalira ndi nambala ya kumeneko, ndimayamba ndavala nsapato, kenako n'kuyankha.